Makutu Obwereka

6 Meyi

Kwa iwe mwana wanga wachisamba,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi ana. Ife kuno tilipo. Amayi ako bondo lija layamba kuwalola kuyenda, ine ndikudya ndi kugona ngati munthu wopanda mlandu, ngakhale mlandu ulipo.

Kalata ya kalabu yathu ya wailesi zolankhulirana yandipeza. Ndaiwerenga nditavala magalasi, ndaiwerenganso nditavula, mawu ake osasintha. Akuti pa mpikisano wa mu Julayi, anthu olankhula pa maiki ndi ogogoda Mosi, uthenga wa timalikhweru tatifupi ndi tatitali uja, akachepanso ngati chaka chatha, gawo lathu lifafanizidwa, mpikisano utsala wa makompyuta okhaokha. Mmunsi mwake wasaina mlembi wa komiti. Dzanja limenelo ndikulidziwa. Ndine ndinaligwira lili laling'ono n'kuliika pa kiyi wogogodera, nthawi imene unkakhala pa thumba la makala m'kachipinda kanga ka wailesi, miyendo isakufika pansi.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, sindikana. Mosi ndinaphunzira ku positi ndili wonyamula matelegalamu pa njinga, kumvetsera pawindo mpaka bwana anatopa nane n'kundilowetsa. Koma mpikisano ndimaudziwa. Munthu amakhala pa wailesi yake Loweruka ndi Lamlungu, amaitana, wina kutali amayankha, mumapatsana manambala, aliyense n'kulemba mu kaundula wake, ndipo wolankhula ndi ambiri ndiye wapambana. Tsono zanuzi, munthu amayatsa kompyuta n'kupita kukasamba, pobwera akuti walankhula ndi mayiko khumi. Walankhula ndani, iye anali m'bafa?

Ndipo usandiuze kuti ife tachepa tokha. Chino ndi chaka chachitatu ndikuitana popanda wondiyankha. Ndimagogoda mpaka dzanja kuuma, ndimaitana pa maiki mpaka amayi ako kundisiyira madzi akumwa pakhomo, uko kuli zii. Achinyamata anuwo anapangana kuti mdala ameneyu timusiye azilankhula yekha. Munthu ukamudutsa panjira osamupatsa moni, usamakanenenso kunyumba kuti m'njira munalibe anthu.

Usandiimbire foni pa nkhani imeneyi. Mafoni a masiku ano amangong'ung'udza, munthu sumva kanthu. Lemba, undiuzenso za ana. Unditumizire waya wa mlongoti wa wailesi, wakaleyu wadyeka pamene amakhudza nthambi ya mango. Sindikudziwa chimene ndikumufunira, poti woyankha palibe, koma tumiza.

Ndine bambo ako.

17 Meyi

Ababa,

Landirani moni wa ife tonse. Ana ali bwino. Wamng'onoyo mano ayamba kuguluka, ndipo akuyenda nyumba ndi nyumba kuonetsa anthu mpata.

Kalata ija ndinasaina ndine, chifukwa ndiyo ntchito ya mlembi. Koma dziwani kuti komiti inkafuna kuchotsa gawo lanu chaka chomwe chino. Ndine ndinapempha kuti tiyesenso kamodzi, ndipo anandilola chinthu china: aliyense wa kompyuta amene alankhulenso ndi munthu pa maiki kapena pa Mosi, apatsidwa mapointi owonjezera. Achinyamata mapointi amawakonda ngati shuga. Ena ayamba kale kuphunzira. Lachitatu lililonse ndikaweruka kuntchito ndimawagogodera pa tebulo la kalabu, iwo n'kumalemba atatulutsa malilime.

Koma tsikulo afunika munthu woti akamupeze pa mphepo, ndipo odziwa Mosi mwatsala ochepa. Mukapanda kukhalapo inu, gawoli lapita.

Waya ndikufunafuna wabwino. Pakali pano ndatumiza kaphukusi kena. Kalata inayo ndi ya amayi, ya nkhani zathu za akazi.

Ndine mwana wanu.

17 Meyi

Amayi,

Iyi mukawerengere kukhitchini.

Ababa akuti anthu sawayankha. Amayi, anthu amawayankha. Wailesi yawo imamveka kuno ngati ali m'chipinda chomwechi, ndipo akangomaliza kuitana, anthu angapo amayankha nthawi imodzi. Iwo amadikira pang'ono n'kuyambanso kuitana pamwamba pa anthuwo. Chaka chatha ndinawayankha ine ndemwe, mwana wawo, anandiponda chimodzimodzi. Ku kalabu anawapatsa dzina loti a Belu, akuti belu limaitana anthu koma lokha silimva. Salinena mwachipongwe, amawakonda, koma dzinali likawafika adzaphwanya wailesi ndi nkhwangwa.

Vuto ndi makutu, ndipo inu mukudziwa kuposa ine. Mosi amalira ngati likhweru. Iwo anazolowera kulitchera pa liwu lopyapyala lija la ku positi, lomwe ndilo khutu la munthu wamkulu limayamba kutaya. Pa wailesi yawo pali kagudumu kakang'ono kumanja, kopakidwa kadontho kofiira. Akakapotoza pang'ono likhweru limanenepa, ndipo mwina adzalimva. Koma ine ndikawauza kuti makutu afooka, ndiye kuti makalata atha, mwina ndi moni yemwe.

M'phukusimo muli mahedifoni awiri a pa waya mmodzi. Pezani chifukwa chokhalira nawo m'kachipindamo. Simukufunika kudziwa Mosi. Mukangomva kuti wina akulira iwo atasiya kugogoda, muwagwire mkono. Zotsalazo mukudziwa mmene mumawayendetsera, mwakhala nawo nthawi yaitali kuposa ine.

Bondolo muzilipaka mankhwala aja, musamadikire kuti liyambe latupa.

Mwana wanu.

29 Meyi

Kwa iwe wachisamba,

Tilipo tonse, ndi mphaka yemwe. Uuze wopanda manoyo kuti agogo ake nawonso mipata ali nayo, koma sayenda nayo m'makomo mwa anthu.

Makalata afika. Amayi ako yawo anakaiwerengera kukhitchini atatseka chitseko ngati muli nyama. Sindinafunse. Nkhani za akazi ndinasiya kuzifunsa iwe usanabadwe.

Za mapointi owonjezera ndamva. Ndiye kuti masiku ano munthu kuti andipatse moni mpaka apatsidwe kanthu. Chabwino. Ngakhale mbuzi imabwera ukaionetsa mchere.

Koma phukusili landidabwitsa. Ndinapempha waya, wanditumizira mahedifoni awiri. Mutu ndili nawo umodzi. Ndagona nazo, ndadzuka nazo, ndipo ndazitulukira: komiti yanu ikufuna kutumiza munthu adzakhale pambali panga tsiku la mpikisano, aone ngati mdalayu akulemba zoona mu kaundula. Ukawauze kuti ku positi ndinatumiza mauthenga a maliro, a maukwati ndi a milandu ya anthu, panalibe wondisuzumira paphewa. Kazitape wanuyo akabwera adzakhala panja ndi nkhuku. Ndinakamuonetsa mahedifoniwo wometa wa pakona, ndipo wagwirizana nane. Iye akuti nkhani zotere zimayamba ndi mphatso.

Chinanso, amayi ako ayamba khalidwe lachilendo. Zaka zonsezi kachipinda kanga ankakatcha khola la mawaya, kulowamo pokhapokha akufuna makala. Dzulo anabwera ndi mpando wawo ndi zoluka zawo, akuti m'menemo ndi mofunda, bondo limamva bwino. Anasuntha bokosi langa la zitsulo osapempha. Kenaka anatenga mahedifoni a kazitape aja n'kuvala, akuti aone ngati akugwira ntchito. Anawavala mozondoka, chomangira chili pansi pa chibwano. Ndinawasiya. Ukalamba umabwera mosiyanasiyana.

Pa mpikisano ndidzakhalapo, osati chifukwa cha komiti yako, koma kuti pasadzakhale wonena kuti gawoli linafa ine nditagona. Waya uja ndikudikirabe.

Bambo ako.

12 Juni

Mwana wanga,

Ndikulemba bambo ako atapita kokameta, ndiye usadabwe ndi dzanja lothamanga. Tili bwino. Undiperekere moni kwa apongozi ndi ana.

Ntchito unandipatsa ija ndi youmitsa khosi. Masiku oyamba ndinangokhala, iwo akugogoda, ine ndikuluka. Akasiya, m'makutu mwanga mumalira tinthu ngati anapiye osowa make, uku ndi uku, ena pafupi ena kutali. Iwo nkhope gwa, kuyang'ana khoma, n'kundiuza kuti mwaonatu, kuli zii. Mtima unandiwawa, mwana wanga. Munthu anthu akumuitana chonchija, iye n'kumadziona wotayidwa.

Ndinawagwira mkono, anati ndisawagwedeze ali pa ntchito. Ndinafunsa kuti kagudumu kofiirako n'kachiyani, anati si ka anthu oluka. Ndiye Lachisanu ndinadikira amalize kuitana, ndinatenga kansalu ngati ndikupukuta fumbi, n'kukapotoza. Likhweru lija linanenepa, linakhala ngati kulira kwa njiwa.

Bambo ako anauma pampando. Pensulo inayamba kuyenda yokha pa pepala. Atamaliza kulemba anagogoda, uko kunayankha, anagogodanso, mpaka tiyi anazizira ndipo ntchentche inagweramo iwo osaona. Kenaka anavula mahedifoni n'kundifunsa osandiyang'ana.

"Kodi amenewa ayamba lero?"

"Ayi bambo, chiyambireni kukhala muno ine, amalira tsiku lililonse."

Anatuluka kukayang'ana mlongoti, umene unalibe vuto lililonse. Pobwera anati wailesiyi yakalamba, yayamba kumeza mawu opyapyala. Ndinavomera kuti inde yakalamba, tinaigula kale.

Tsopano tagawana ntchito. Ofooka akutali aja sawamvabe, ndiye ine ndikamva kanthu ndimawagwira mkono, iwo n'kusakasaka ndi kagudumu mpaka amupeze munthuyo. Pa maiki ndiye ndimachita kuwabwerezera mawu kukhutu lakumanzere, limene lilipo pang'ono. Wina anati akulankhula ali pa phiri, ine ndinabwereza, iwo anandiuza kuti ndisawonjezere zanga. Dzulo andiletsa kupita kumsika nthawi ya wailesi, akuti ndizipita m'mawa. Ine amene ndinkalowamo pofuna makala basi.

Za dzina lija la a Belu sindinawauze, ndipo iwenso usayerekeze.

Amayi ako.

21 Julayi

Kwa iwe wachisamba,

Moni kwa nonse. Waya wafika mpikisano utatha. Zikomo, amayi ako ayanikapo zovala. Kazitape sanabwere, wometa akuti anachita mantha.

Ndikuuze za mpikisano mmene unaonekera kuno. Loweruka m'mawa nditangoitana kamodzi, anandigwera ngati nkhuku zoona chimanga. Amayi ako anandigwira mkono mpaka lero pali chizindikiro. Ana ako a Lachitatu aja ndinawazindikira msanga. Mosi wawo ngwotsimphina, amagogoda ngati munthu wotsika makwerero atanyamula ndowa. Lamulo lathu lakale ndi lakuti wothamanga amatsika n'kuyenda liwiro la wochedwa, ndiye ndinkayenda nawo pang'onopang'ono ngati ndikuperekeza wodwala. Wina atamaliza kupereka nambala yake anagogoda kuti zikomo agogo, koma anaphonya zilembo. Ndinamubweza kuti ayambirenso. Anayambiranso, anakhoza.

Ndikudziwa kuti pa mpikisano umapereka nambala n'kuthamangira wina. Ndinaphunzitsa anthu zimenezo ine ndemwe. Koma munthu amene wakhala zaka zitatu osayankhidwa ungamuuze kuti afulumire? Aliyense ndinamufunsa dzina, ntchito yake, ndi amene anamumangira mlongoti. Ndapeza kuti mwa iwo muli namwino, woyendetsa galimoto ya mkaka, ndi mtsikana wina amene mlongoti wake anaumangirira ku chitsulo cha thanki ya madzi, eni nyumba osadziwa.

Masana tinapita pa maiki. Kunabwera wina amene akuti kompyuta yake yalankhula ndi dziko lonse lapansi, koma atagwira maiki anaiwala nambala yake yomwe, tinkangomva kupuma. Amayi ako anaseka mpaka mahedifoni kugwa. Ndinamuuza kuti apume bwinobwino, ife sitikupita kulikonse, ndipo nambala inabwera yokha. Lamlungu anabweranso, ulendo uno kulankhula osafuna kusiya.

Tsono pali vuto. Pa chikuto cha kaundula amene tiyenera kutumiza pali funso lakuti kodi munali nokha pa wailesi kapena wina anakuthandizani. Ndikalemba kuti ndinali ndekha, ndanama, ndipo ine mu kaundula sindinama. Ndikalemba kuti anandithandiza amayi ako, komiti yonse idzafunsa kuti munthu wosadziwa Mosi anathandiza chiyani, ndipo yankho lake lidzayenda pa mphepo mpaka kutsidya kwa nyanja. Choncho sinditumiza. Mapointi sindikuwafuna. Ndinacheza ndi anthu, zandikwanira.

Bambo ako.

30 Julayi

Ababa,

Tili bwino tonse, ndipo ndasangalala kuti zovala za amayi zapeza poumira.

Ndinakumvani masiku onse awiri. Ndinafuna kukuitanani, koma mzere unali wautali, ndinasiyira ophunzira anga. Lachitatu lapitali sitinaphunzire n'komwe, aliyense amafotokoza zimene munamufunsa. Amene munamubweza uja akudzitama ngati wapatsidwa mendulo.

Koma ababa, kaundula wanu si wa mapointi anu okha. Lamulo mukulidziwa: munthu akalemba kuti walankhula ndi uje, timayang'ana mu kaundula wa ujeyo ngati zilimo, zikapanda kupezeka timafafaniza. Ambiri mwa ana amenewa, munthu wa Mosi amene analankhula naye ndinu nokha, chifukwa akuluakulu enawo ankathamanga kwambiri. Mukasunga kaundula wanu m'kabati, zidzaoneka ngati sanagogode n'komwe, ndipo komiti ikakumana pa 15 Ogasiti idzati gawoli lafa lokha. Ine sindidzakhala ndi poyambira.

Sindikuuzani choti mulembe pa funsolo. Ndingonena kuti tcheyamani wathu amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, ndipo palibe anamuchotsa pampando.

Ndine mwana wanu.

7 Ogasiti

Kwa iwe wachisamba,

Tilipo. Kaundula ndi ameneyu. Ku positi apita naye amayi ako okha, akuti ine ndikhoza kusintha maganizo panjira.

Kalata yako inandisowetsa mtendere. Ndakhala ndikuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ndinayesa kulemba kuti wailesi ndi yokalamba, koma funsolo silikufunsa za wailesi. Ndinaganiza zosiya malowo opanda kanthu, koma ndikukudziwa, ukanandibwezera. Pomaliza ndinafunsa amayi ako kuti tilembe chiyani. Anati iwo anakhala pampando Loweruka ndi Lamlungu, khosi linauma, ndiwo zinapserera pamoto, ndiye ngati pali pepala lofunsa amene anagwira ntchito, sakuona chovuta.

"Anthu adzadziwa kuti sindikumva bwino," ndinatero.

"Bambo, wometa akudziwa, wogulitsa makala akudziwa, mphaka akudziwa. Amene munatsala ndi inu."

Ndinatenga cholembera. Ndalemba kuti pa wailesi panali anthu awiri, wina dzanja, wina makutu. Ukawerengere komiti yako mokweza, kuti ngati muli ena a vuto langa amve.

Bambo ako.

26 Ogasiti

Kwa iwe wachisamba,

Moni kwa apongozi ndi ana. Kalata yako ya zotsatira yafika. Gawo la maiki ndi Mosi likhalapo, chaka chamawa ndi zaka zinazo. Ndasangalala, usaganize kuti sindinasangalale. Tsiku limenelo ndinapukuta kiyi wanga mpaka kuwala, ndipo ndinagula nsomba yaikulu popanda kukangana ndi wogulitsa. Wagwira ntchito, mwana wanga. Mawu ena a m'kalata yanga yoyamba uwaone ngati anali a wometa.

Koma pali zimene ndikufuna komiti indifotokozere. Mapointi anga ndi ochepa kuposa a ana amene ndinkawakonza zilembo. Akuti ndinataya nthawi ndi kucheza. Izo ndavomera theka. Chimene sindikumvetsa ndi chakuti mwandichotsa pa anthu opikisana paokha n'kundiika pa magulu, pamodzi ndi sukulu ya zaumisiri ndi kalabu ya ogwira ntchito ku njanji, kumene ndakhala womaliza. Satifiketi yabwera ndi maina awiri, la amayi ako pamwamba, langa pansi. Aipachika pabalaza, ndipo aliyense wobwera kudzapempha moto amayamba waiwerenga. Zaka zonsezi takhala nyumba imodzi, talera ana, takangana za mchere, zatengera komiti ya wailesi kutiuza kuti ndife gulu.

Ndipo gululi lapeza kale kapitawo. Amayi ako akuti iwo kukhala omaliza sanazolowere. Akuti chaka chamawa ndikangoyamba kufunsa munthu za kwawo, adzavula mahedifoni n'kupita kukhitchini, tione ngati ndidzamve yankho. Ndinawauza kuti wailesi ndi yanga. Anati inde, ndipo makutu ndi awo.

Ndiye uuze ana ako a Lachitatu kuti Loweruka lililonse masana tili pa mphepo. Wofuna kucheza abwere nthawi imeneyo, afotokoze zonse mpaka za agogo ake, ndidzayenda naye pang'onopang'ono. Tsiku la mpikisano adzangolandira nambala, akapitawo a kuno salola zambiri.

Utumize kakhushoni ka pampando. Si kanga.

Ndine bambo ako.